Dzanja la Gasparo ndi Nyulu ya pa Chithunzi cha Mfumu

Ine, Lattanzio Bruscoli, wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wobadwira m'mudzi wa Pietrafosca, wokhala mumsewu wa ofufuta zikopa mumzinda muno wa Roccalba, mlembi wa m'nyumba ya Dottore Eusebio Carminati, ndikupereka umboni uwu lero Lachisanu, pa 21 Okutobala 1524, pamaso pa Kaputeni Onofrio Galassi, mkulu wa alonda a mzinda. Ndabwera ndekha. Palibe wandigwira.

Mumzinda monse akunena kuti Gasparo Tinelli, wojambula zithunzi, ananyoza Mfumu Astorre pa chithunzi chake atanyengedwa ndi adani a mfumuyo. Amayi ogulitsa nsomba akunena zimenezo, oweruza analembanso zomwezo, ndipo mawa Loweruka, belu la masana likalira, akufuna kumudula dzanja lamanja pabwalo la msika. Nkhaniyo ndi yabodza. Gasparo ndi mlamu wanga, anakwatira mlongo wanga Diamante, ndipo ndamudziwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sadziwa kuwerenga ngakhale dzina lake lomwe. Amajambula chimene wauzidwa. Zonse zimene zili pa chithunzi chija ndinaziganiza ndine, ndipo anazilemba ndi kuzidinda ndi Dottore Carminati.

Akunenanso kuti ine ndinachotsedwa ku yunivesite chifukwa cha vinyo. Mlembi wanu alembe bwino apa. Ndinaphunzira kumeneko zaka zinayi, malamulo, Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ndinkagona chipinda chimodzi ndi Eusebio Carminati, mwana wa wogulitsa nsalu. Kutatsala miyezi iwiri kuti tiyesedwe, makope anga asanu ndi limodzi anasowa m'bokosi. Tsiku limene iye ankayesedwa ndinakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo ndinamva ziganizo zanga zikutuluka pakamwa pake, pamodzi ndi cholakwika chimodzi chimene ndinali ndisanakonze. Ndinamugulula mano awiri aphunzitsi akuona. Iye anapatsidwa mphete ndi chipewa cha Dottore, dzina la ulemu la womaliza maphunziro. Ine anandilozera chipata.

Patapita zaka khumi ndi chimodzi anandipeza pamsika wa Roccalba ndikulembera anthu makalata pa tebulo la miyendo itatu. Ananditenga kuti ndikakhale mlembi wake. Ndamugwirira ntchito zaka zisanu ndi zitatu.

Ntchito ya zithunzi za kunyumba ya mfumu imayenda motere. Wojambula sasankha kanthu. Mfumu ikafuna chithunzi, imauza Dottore kuti alembe pepala la zizindikiro, lonena chimene mfumu igwire m'manja, nyama imene iime kumbuyo, mtengo, mbalame, ndi tanthauzo la chilichonse. Pepalalo ndimalemba ndine. Iye amalikopera ndi dzanja lake, amadinda ndi mphete yake, ndipo langa amaliotcha pa mbaula ine ndikuona. Kenako ndimapita nalo kwa wojambula kukamuwerengera. Tachita choncho kakhumi ndi kanayi. Sanasinthepo liwu ngakhale kamodzi, ndipo sanandifunsepo funso, chifukwa kufunsa kukanaonetsa kuti sadziwa.

Pa 17 Januwale chaka chino woyang'anira nyumba ya mabuku ya mfumu anamwalira. Patapita sabata ndinapempha Dottore kuti akandilankhulire kwa mfumu. Tinali m'chipinda chake chodyera, antchito atatu ali pomwepo. Mawu ake ndikuwakumbukira ndendende. Anati, "Malo amenewo ndi a Dottore wathunthu. Iwe ndiwe Dottore Theka. Theka linalo unalisiya kuti, m'botolo?" Antchito anaseka. Malowo anaperekedwa kwa mphwake wa Dottore, amene ndinamuona ndi maso anga akupsinja tchizi ndi buku la Chigiriki. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale wophika amanditchula Theka.

Lolemba pa 6 Juni mfumu inalamula chithunzi choti chitumizidwe ku Valmora. Mfumu ili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ilibe mwana, ndipo inkafuna kukwatira Donna Ginevra, mwana wamkazi wa mfumu ya kumeneko. Mukudziwanso, Kaputeni, kuti ku Valmora komweko ndi kumene kumakhala Don Ippolito, mwana wa Mfumu Corso, mkulu wake wa mfumu yathu, amene anafera kosaka zaka makumi awiri zapitazo. Don Ippolito anatulutsidwa muno ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anthu ake akunenabe kuti mpando ndi wake.

Pepala ndinalilemba tsiku lomwelo masana. Ndinaikamo zinthu zitatu.

Choyamba, m'dzanja lamanzere la mfumu, khangaza long'aluka koma lopanda njere. Chachiwiri, pa zenera lakumanja, panjira ya kuphiri, nyulu m'malo mwa kavalo. Chachitatu, pa zenera lakumanzere, mtengo wa thundu, womwe ndi chizindikiro cha banja la mfumu, ndipo pa nthambi yake kukulo, mbalame ija yoikira mazira m'chisa cha inzake, itatera pambali pa chisa. Pansi pa mtengowo, m'udzu, dzira limodzi losweka, laling'ono ngati chikhadabo.

Khangaza lopanda njere ndi mwamuna wosabereka. Nyulu sibereka. Kukulo amakhala m'chisa chimene si chake atagwetsa mwini chisa. Pa pepalapo sindinalembe zimenezo. Ndinalemba kuti khangazalo ndi mfumu imene yagawira anthu ake zonse osatsala ndi kanthu, kuti nyulu ndi wolamulira amene saterereka pa njira ya miyala, ndi kuti kukulo ndi mbalame yolengeza kuti chisanu chatha, nthawi ya maukwati yafika. Za dzira ndinangoti ndi moyo watsopano umene ukutuluka.

Ndinafuna kuti Dottore akaime pamaso pa mfumu ndi kunena yekha kuti nzeru zimenezo ndi zake. Ndinkadziwa kuti ku Valmora kuli anthu odziwa kuwerenga chithunzi.

Lachiwiri m'mawa Dottore anakopera pepalalo, anadinda, naotcha langa. Anati, "Nyulu iyi ndi yachilendo. Aliyense amaika kavalo. Ndaikonda."

Masana ndinapita nalo kwa Gasparo, kuseri kwa tchalitchi cha San Rocco, mtunda wa mapazi mazana atatu kuchokera kwa Dottore. Ndinamupeza akusalaza thabwa. Nditamuwerengera anaika mwala wosalazira pansi.

Anati, "Alamu, mwawerenga bwino? Mfumu ili ndi akavalo makumi anayi m'khola. Ine ndikajambule nyulu?"

Ndinati, "Nyulu."

Anati, "Ndiye mukhale apo ndiyambe, nkhope ndaipeza kale."

Ndinamuuza kuti makutu atengere ake. Tinaseka. Kenako anatenga pepalalo m'manja mwanga, naliyang'ana chozondotsa, nati, "Koma alamu, ine kusukulu sindinapiteko, komabe kukulo kwathu timamudziwa. Amayi anga ankamugenda. Mbalame imeneyi ndiyoika pa chithunzi cha ukwati?"

Ndinati, "Ophunzira amaiona mwina. Chidindo mwachiona? Jambulani."

Anati, "Inu ndinu odziwa," nakhomera pepalalo pakhoma ndi msomali.

Anajambula miyezi itatu. Mfumu inakhala pamaso pake kanayi, kuti atenge nkhope ndi manja okha, ndipo sinaone zina zonse mpaka tsiku lovundukula.

Lachinayi pa 8 Seputembala, itatha misa ya m'mawa, chithunzicho chinavundukulidwa m'chipinda chachikulu cha kunyumba ya mfumu. Munali anthu pafupifupi makumi anayi. Ine ndinaima pafupi ndi khomo, mapazi khumi ndi awiri kuchokera pa chithunzi, nditanyamula chipewa cha Dottore. Nsalu inachotsedwa. Ndinaona mkulu wa makhola a akavalo akuyang'ana pansi. Ndinaona mkazi wa nduna yaikulu ataika mpango pakamwa.

Dottore anapita patsogolo ndi kandodo. Analoza khangaza, analoza nyulu, analoza kukulo, ndipo ananena mawu anga onse osadumpha limodzi. Bishopu anamufunsa kuti, "Zonsezi mwaziganiza nokha, Dottore?" Iye anayankha kuti, "Ndekha, Ambuye. Ndakhala pa mabuku milungu isanu ndi umodzi." Mfumu inaomba m'manja, inati nyuluyo ndi iyo ndithu, chifukwa sinagwepo. Mfumu itaomba, onse anaomba. Inu, Kaputeni, munaima kumanzere kwa zenera lachiwiri, ndipo munaomba nawo.

Chithunzicho chinanyamuka pa ngolo pa 12 Seputembala.

Lolemba pa 3 Okutobala chinabwerera pa ngolo yomweyo. Chinabwera ndi kalata yothetsa ukwati, ndiponso dengu la makangaza odzaza njere, ong'alula kale. Woyendetsa ngolo anauza anthu pachipata kuti ku Valmora chithunzicho chinapachikidwa masiku asanu m'khonde kuti aliyense aone, kuti Don Ippolito ndi amene anapeza dzira lija m'udzu, ndi kuti anthu ake akujambula kukulo pa makoma. Pofika madzulo, mfumu ikudutsa pa mlatho wa ofufuta zikopa, munthu wina analira ngati nyulu kuseri kwa mpanda. Ndinamva ndekha.

Lachiwiri ndinakhala pa tebulo langa tsiku lonse, khomo lili lotsekula, kudikira kuti alonda abwere kudzatenga Dottore. Sanabwere. M'mawa wa tsiku limenelo Dottore anapita kwa Gasparo, kumene sanapondeko chiyambire, nazula pepala lija pa msomali. Gasparo anamupatsa mpando ndi kapu ya vinyo. Masana Dottore anali kwa mfumu.

Lachitatu pa 5 Okutobala, belu lachitatu la m'mawa litalira, alonda anu anayi anakamanga Gasparo. Dottore anali atalumbira kuti pepala lake linali ndi kavalo, chiwombankhanga ndi khangaza lodzaza, ndi kuti wojambula anasintha yekha.

Anthu makumi anayi anamumva akufotokoza za nyulu. Pa mlandu panalibe ndi mmodzi yemwe wokumbukira. Bishopu anati makutu ake anali ndi chimfine. Mkulu wa makhola anati anaima kutali. Ine sindinaitanidwe. Kukumbukira mawu a Dottore ndi kukumbukiranso amene anayamba kuomba m'manja.

Ndinabwera pakhomo pano katatu: pa 6, pa 10 ndi pa 13 Okutobala. Nthawi zonse ndinapeza mlonda wa chipsera pachibwano, dzina lake sindikulidziwa. Ulendo woyamba ndinamuuza kuti ndinawerenga pepala la Dottore ndi maso anga, ndipo munali nyulu. Anandifunsa ngati ndili ndi mphete. Anati nkhani za maphunziro amachitira umboni ndi Dottore yekha, ndipo oweruza aitana kale Dottore. Ndinafunsa kuti Dottore uti. Anati Carminati. Ulendo wachiwiri anati, "Theka, wabweranso? Bwera ndi theka linalo tikulowetse." Ulendo wachitatu, chigamulo chitaperekedwa kale dzulo lake, anandikankha ndi mtengo wa mkondo mpaka ndinagwera mu ngalande.

Maulendo atatu onsewo sindinanene kuti pepalalo ndinaliganiza ndine. Lembani zimenezo.

Lachisanu pa 14 Okutobala masana mlongo wanga Diamante anabwera kunyumba kwanga. Anali akuchokera kundende. Sanakhale pansi. Anaika pa tebulo langa mtolo wa maburashi a Gasparo, womanga ndi chingwe.

Anati, "Akuti ndikupatseni. Akuti mwina mudzapeza wowagula, iwo sawafunanso."

Ndinamuuza kuti ndapita kwa alonda katatu.

Anati, "Ndamva. Akutinso musadandaule, si mlandu wanu, inu munangowerenga zimene zinalembedwa." Kenako anati, "Achimwene, ine ndinakula nanu. Bambo atakumenyani chifukwa cha mbuzi ija, munadikira mpaka nthawi yokolola kuti muwaikire mavu mu nsapato. Dottore uja sangaganize ngakhale za nkhuku. Nyulu ija ndi yanu."

Ndinavomera.

Anandimenya mbama kumanzere. Anati, "Iwe Lattanzio, mano awiri aja sanakukwane? Unkafuna kubaya munthu, ndiye unabwereka dzanja la mwamuna wanga? Ana anayi adya chiyani, Chigiriki chako?"

Ndinati ndipita ndikavomere.

Anati, "Ukavomere kwa ndani? Akunyonga iwe, ndipo dzanja adulabe, chifukwa mfumu yanena kale. Usandibweretsere mtembo. Ndibweretsere mwamuna wanga ndi manja awiri." Anatuluka osatseka chitseko.

Lolemba pa 17 Okutobala m'mawa Dottore anandiitana m'chipinda chake cha mabuku. Anatseka chitseko. Ndisanamve chimene ankafuna, ndinamuuza kuti nyulu, kukulo ndi khangaza ndinaziika dala, ndipo ndinamuuza chifukwa chake.

Ankasenda peyala. Sanasiye. Anati, "Ndinadziwa tsiku limene ngolo inabwerera. Ukuyesa ndine chitsiru?"

Ndinati, "Inde, Dottore."

Anati, "Chitsiru chili ndi mphete. Pita ukanene. Uona ngati angakhulupirire munthu wothamangitsidwa kusukulu, wonunkha zikopa. Ukakhala ndi mwayi akukhulupirira, ndipo akupachika. Ine ndidzabwera kudzaonerera, ndidzagula ndi mtedza womwe." Anadya chidutswa cha peyala, kenako anati, "Khala pansi. Pali ntchito."

Mfumu inkafuna chithunzi chatsopano, choti chikapachikidwe m'nyumba ya malamulo Khirisimasi isanafike, ndipo wojambula wina anali ataitanidwa kale kuchokera kunja. Ulendo uno mfumu inalamula zinthu ziwiri. Inafuna kuti pa chithunzipo pakhale mawu a Chigiriki, kuti a ku Valmora adziwe kuti ku Roccalba kulinso ophunzira. Inafunanso kuona pepala la zizindikiro ndi maso ake wojambula asanakhudze utoto, makope awiri, lina losunga kunyumba ya mfumu, lina la wojambula.

Dottore anati, "Kavalo, mkango, thundu. Basi. Ukaikamo ngakhale ntchentche imene sindikuidziwa, ndidzakumangitsa ndekha."

Ndinamufunsa ngati mawu a Chigiriki alemba yekha.

Anati, "Ndilibe nthawi."

Dottore Carminati sadziwa Chigiriki. Ku yunivesite ndinkamulembera ndine. Zilembo zake amazikopera monga mmene mwana amakoperera maluwa a pa nsalu. Mumzinda muno odziwa Chigiriki tilipo awiri: ine ndi Fra Serafino wa kunyumba ya amonke ya Santa Croce. Dottore ndi Fra Serafino salankhulana kuyambira pamene anakangana pamaso pa bishopu zaka zisanu zapitazo, ndipo kupita kwa iye ndi pepala kukanakhala kuvomera kuti zaka zonsezi wakhala akunama.

Lachiwiri pa 18 ndinalemba pepalalo. Kavalo woyera, mkango wogona pamapazi a mfumu, thundu la masamba obiriwira. M'munsi ndinalemba mizere itatu ya Chigiriki.

Lachitatu pa 19 m'mawa Dottore anakhala ndi pepalalo maola awiri. Anatsitsa mabuku anayi pa alumali, nafufuza kavalo, mkango ndi thundu, chimodzichimodzi, chala chili pa mzere. Anaitananso wophika, namufunsa ngati kumudzi kwawo mkango uli ndi mbiri yoipa. Wophika anati kwawo kulibe mikango. Kenako anafika pa Chigiriki.

Anati, "Chikuti chiyani?"

Aka kanali koyamba kundifunsa funso la za pepala m'zaka zisanu ndi zitatu. Ndinati, "Mwaiwala magalasi, Dottore?"

Anati, "Ndikufuna ndimve ngati iwe ukuchimva bwino."

Ndinati chikuti mphepo yaomba ndipo yatopa, thundu lidakaima, ndipo mbewu zake zidzadzaza dziko lonse.

Anati, "Ndi momwe ndawerengera inenso. Koma chatalika."

Ndinati wojambula adzachizunguliza m'mphepete mwa thabwa.

Anandiyang'ana. Anati, "Ukudziwa kuti moyo wako uli m'manja mwanga?" Ndinati ndikudziwa. Anakopera makope awiri, chilembo ndi chilembo, lilime lili pakati pa mano pamene pali mpata paja. Anadinda onse awiri. Langa analiotcha.

Mizere itatu ija sikunena za mphepo. Ikuti: "Ine Eusebio sindidziwa chimene ndikulemba. Nyulu, kukulo ndi khangaza lopanda njere zinali pa pepala langa, ndipo ndinazifotokoza pamaso pa mfumu. Wojambula sanawonjezepo kanthu." Tumani munthu ku Santa Croce. Ndi mtunda wa mapazi mazana asanu kuchokera pano. Fra Serafino akuwerengerani kope limene lili kunyumba ya mfumu, ndipo sindikukhulupirira kuti achedwa kuvala nsapato.

Lachitatu lomwelo masana ndinapita kwa Diamante ndi kumuuza zonse. Anamvetsera akusenda anyezi. Anafunsa funso limodzi lokha. Anati, "Ukapita nalo kwa alonda, alichita chiyani?" Ndinati aliotcha, monga mmene mapepala amathera muno. Anati, "Ndiye lisapite kwa alonda." Anapukuta mpeni, napita kwa mkazi wa wophika buledi kukapempha kuti amusungire ana awiri aakulu.

Dzulo Lachinayi pa 20 Okutobala, belu lachiwiri la m'mawa litalira, Dottore anapita ndi makope onse awiri kunyumba ya mfumu. Ine ndinadikira m'khonde. Anakhalamo osakwana theka la ola. Potuluka anali akumwetulira. Anandiponyera kope la wojambula, lopinda katatu, nati, "Ukamupatse akafika, Theka. Usalidetse ndi zala zakozo." Kope linalo linatsala m'bokosi la nduna yaikulu. Lili momwemo pano.

Sindinabwerere kwa Dottore. Ndinapita kwa Diamante. Tinatulukira pachipata cha kum'mawa belu la masana lisanalire, iye, ana awiri aang'ono ndi ine, pa ngolo ya munthu wogulitsa makala amene sanadziwe kanthu ndipo dzina lake sindinamufunse. Kuchokera pachipata kukafika pa mlatho wa malire ndi mamailosi asanu ndi awiri. Tinafika dzuwa litapendeka. Ndinamupatsa pepalalo, analiika m'kati mwa malaya. Sananditsanzike. Ndinaima tsidya lino mpaka ndinamuona atawoloka ndi kudutsa alonda a ku Valmora. Ndinabwerera wapansi.

Kumene Diamante wagona sindikudziwa, ndipo tinapangana dala kuti ndisadziwe, choncho musavutike ndi zingwe zanu. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Lamulungu m'mawa adzakhala pamalo pamene angathe kuona mlatho. Gasparo akadzawoloka yekha, manja onse awiri ali m'mwamba, Diamante adzatumiza pepalalo kwa mlonda wanu wa pa mlatho, lopindapinda monga lilili, ndipo palibe wa ku Valmora amene adzaliona. Belu la masana la Lamulungu likadzalira Gasparo asanaoneke, kapena akadzaoneka ndi dzanja limodzi, adzapita nalo kwa Don Ippolito. Don Ippolito ali ndi anthu odziwa Chigiriki, ndiponso ali ndi makina osindikizira.

Za ine, mlandu ndauvomera. Khangaza, nyulu, kukulo ndi dzira zinachokera m'mutu mwanga, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake pamene ndinkalemba. Sindinatumidwe ndi Don Ippolito kapena wina aliyense; sindinayambe ndamuonapo. Gasparo anandichenjeza za mbalame ija, ine ndinamuuza kuti ajambule. Ngati lamulo likufuna dzanja, limene linayamba ndi ili.

Za Dottore Carminati ndikupempha chinthu chimodzi. Oweruza amuitane pabwalo, anthu ali pomwepo, amupatse kope la m'bokosi la nduna, ndipo amuuze awerenge mokweza mizere itatu ija imene analemba ndi dzanja lake. Akatha kuiwerenga, ndiye kuti analumbira zabodza pa mlandu wa Gasparo, ndipo wavomera yekha polemba. Akalephera, avule mphete. Asankhe yekha. Ine ndikupempha kuti ndidzakhalepo, ngakhale nditamangidwa unyolo, ndipo mudzandiike pafupi.

Mwandifunsa chifukwa chake ndikuganiza kuti mfumu ingasamale za pepala limene likunyazitsa Dottore yekha. Ndinalifunyulula dzulo pa ngolo ndisanalipereke. Pamwamba pali kavalo, mkango ndi thundu. M'munsi muli mizere itatu ya Chigiriki ndi chidindo cha Dottore. Pansi pa mizereyo pali dzina la Mfumu Astorre, lolembedwa ndi dzanja lake, ndi mawu akuti, "Ndawerenga zonse, ndi zoona, zilembedwe ndi golide."

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Umboniwu ndauwerenga ndekha, ndakonza malo anayi pamene mlembi analakwitsa, ndipo ndasaina.

Lattanzio Bruscoli
Pamaso pa Kaputeni Onofrio Galassi, Roccalba, 21 Okutobala 1524